Lenzi yoyenda nayo tsiku lililonse: 24, 28 kapena 35?

Thoko M: Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi Canon 2000D, malenzi ndili nawo awiri, 18-55 yomwe imabwera ndi kamera ija ndi 50mm f/1.8 yomwe aliyense amati ugule ugule. 50 ija pa nkhope ndimaikonda heve koma mnyumba ndiye ayi, ndimabwerera mmbuyo mpaka kugunda khoma anthu osakwanabe mu chithunzi. Ndikufuna prime ina (lenzi ya nambala imodzi, yopanda zoom) yotambalala yoti ndizingoisiya pa kamera, ku tchalitchi, kumsika, ma birthday a ana, zoterozo. Ena akuti 35 ena 28 ena 24 mutu wanga wazungulira. Ndalama zake si zambiri nde chonde za malenzi odula a Canon a mzere wofiira aja musayambe kkkk

Bwande: Asisi foni yanu ili kale ndi wide angle, sungani ndalamazo mugule chimanga kkkkk

Kondwani Zithunzi: Bwande iwe takhala chete munthu akufunsa zenizeni. A Thoko musanasankhe dziwani kaye kuti manambala omwe amatchula pa YouTube aja nthawi zambiri amakhala akunena za full frame, makamera a sensa yaikulu. 2000D ndi crop sensor, sensa yake ndi yocheperako, nde nambala iliyonse muziichulukitsa ndi 1.6. Ndekuti 50 yanuyo ikuona ngati 80mm, mchifukwa chake mukugunda khoma, imeneyo pa kamera yanu ndi lenzi ya nkhope basi. Mukagula 35 iziona ngati 56, khoma lomwelo mudzaligundabe kungoti mochedwerako pang'ono. 28 ikupatsani 45. 24 ikupatsani 38. Nde kwa inu yankho ndi EF-S 24mm f/2.8 STM, ka pancake kaja, kopyapyala kwambiri magalamu 125 okha, kanatuluka mu 2014 ndipo kogwiritsidwapo kale ntchito kamapezeka kambiri pa mtengo wabwino.

Thoko M: Oho. Nde 24 pa kamera yangayi si wide kwenikweni eti achimwene?

Kondwani Zithunzi: Si yoti mujambule nayo phiri lonse la Mulanje muli pa Chitakale ayi. Koma pabalaza anthu asanu atakhala pa sofa akwana, ndipo nkhope sizipindika. Ine pa 6D yanga ya full frame lenzi yomwe simachokapo ndi 35 f/2 IS, nde 38 yomwe muzipeza inuyo ndi chimodzimodzi basi.

Chisomo ku Joni: Sigma 16mm f/1.4 magaye. Palibenso nkhani. Ine pa Sony a6400 imandipatsa 24mm, usiku mu tauni muno ndimajambula popanda flash zithunzi kutuluka zoyera mbee

Kondwani Zithunzi: Chisomo werenga kaye funso aise. Sigma 16 imeneyo ndi DC DN, ya mirrorless yokha, makamera opanda galasi lotukuka mkati aja, pa DSLR ya Canon ngati 2000D siilowa olo utaikakamiza bwanji.

Chisomo ku Joni: Ya Canon ilipo man ndinaiona

Kondwani Zithunzi: Ilipo ya EF-M, ya ma M50 aja, ndipo pano inatulukanso ya RF, ya ma mirrorless atsopano a Canon. Ya EF, yoti ilowe pa 2000D, kulibe. Mu DSLR muli galasi lija limatukuka ukamajambula, lenzi ya mirrorless inapangidwa kuti izikhala pafupi kwambiri ndi sensa, nde palibe adaputa yomwe ingakonze zimenezo.

Chisomo ku Joni: Nde asisi gulitsani 2000D mubwere ku Sony kuno kuli mtendere

Thoko M: kkkkk ndati ndalama ndi zochepa inu mukuti ndisinthe kamera yonse

Madala a Studio: Ana anga moni. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A Kondwani masamu mwawapereka bwino koma mwathamangira kugulitsa mwanayu lenzi asanadziwe kuti diso lake limakonda kuona motani. Mayi Thoko, prime zonse zimene mukufunsazi muli nazo kale mkati mwa 18-55 yanuyo. Ikani pa 18, mumange ndi selotepi kuti isazungulire, imeneyo ndi 28 ya full frame, kapena titi 29 kwa okonda masamu. Muyende nayo choncho kwa kanthawi osaimasula, ngakhale mtima ukuwawa. Kenako muike pa 22, imeneyo ndi 35. Kenako pa 24. Pamene mudzaone kuti mwaiwala zoti pali selotepi, nambala yanu ndi imeneyo. Komanso tsegulani zithunzi zanu zakale pa kompyuta muone mu EXIF, momwe kamera imalemba manambala a chithunzi chilichonse, kuti zomwe mumazikonda munazijambula pa nambala iti, anthu ambiri amadabwa kupeza kuti zoom yawo amaigwiritsa ntchito kumapeto kuwiri kokha, 18 ndi 55, zapakatizi osazikhudza.

Thoko M: Zikomo bambo, izi sindinaziganizepo. Inuyo mumakonda iti?

Madala a Studio: Ine ndine wa 28 kuyambira nthawi ya filimu. Chifukwa chake ndi chakuti moyo wathu kuno umachitikira mopanikizana. Mminibasi, mmizere ya mumsika, mu kichini, mu tchalitchi chodzaza, pa chinkhoswe pomwe aliyense waimirira kuti aone. Malo obwerera mmbuyo kulibe, ukabwerera munthu wina amalowa pakati pa iwe ndi chomwe umajambula. Ndi 28 umaima pomwe ulipo, mayi wogulitsa tomato akwana, tomato wake akwana, mwana yemwe wakhala pansi pa benchi akwananso, ndipo chithunzi chimanena nkhani yonse. 35 imandidulira mwanayo. 24 imandilowetsera zinthu zambiri zosafunika, mapepala apansi, mawaya a magetsi, chigongono cha munthu wongodutsa. Kusiyana kwake pa nambala kumaoneka kochepa koma pa full frame 24 imaona madigiri 84, 28 imaona 75, 35 imaona 63. Pamalo opanikizana madigiri 12 a pakati pa 28 ndi 35 amenewo ndi munthu wathunthu.

Kondwani Zithunzi: A madala ndi ulemu wonse koma 28 pa ukwati yandipweteketsapo anthu mitima. Mkwati akapenda chithunzi chake naona mphuno yakula ngati mbatata sakufunsani za madigiri, akufunsani kuti ndalama yanga ibwerera liti

Bwande: kkkkkkk mbatata ya kholowa

Madala a Studio: Mphuno siikulitsidwa ndi lenzi a Kondwani, imakulitsidwa ndi mapazi anu. Mukafuna kuti nkhope idzaze chithunzi pa 28 mumayandikira mpaka theka la mita, pamenepo mphuno ili pafupi ndi kamera kuposa makutu, nde ikula basi. Imani pa mamita awiri, mujambule ndi 28 kenako ndi 50 osasuntha phazi, mukadula chithunzi cha 28 chija kuti chifanane ndi chinzake mupeza nkhope ndi imodzimodzi. Lenzi yotambalala si ya nkhope yokha, ndi ya munthu ndi malo ake. Mkwati mujambuleni kuyambira mchiuno, anamwali ake akumuveka velo kumbuyo, zenera likulowetsa kuwala. Nkhope yokha mayi Thoko ali ndi 50 kale.

Kondwani Zithunzi: Zimenezo ndikuvomera. Koma za mmphepete bwanji? Pa gulu la abale munthu yemwe waima kumapeto amatuluka wonenepa mutu utakokedwera kumbali, olo muime patali bwanji. Ndipo kumapeto kumaima ndani? Azakhali aja amene amayang'anitsitsa chithunzi kuposa aliyense.

Madala a Studio: Apo ndiye mwanena zoona, kumeneko ndi kukokeka kwa mmphepete ndipo kumayamba kuoneka bwino pa 24 kupita mmunsi. Mankhwala ake musadzaze anthu mpaka kumapeto, siyani mpata mbali zonse ziwiri mudzadule pambuyo, ma megapixel 24 a kamera imeneyi ndi ambiri. Ndipo kamera izikhala yowongoka pa msinkhu wa chifuwa. Mukaiweramitsa pansi mitu imakula miyendo kufupika, mukailozetsa mmwamba makoma a tchalitchi amaoneka ngati akugwera mkati.

Mwai Leeds: Ndalowa mochedwa koma pali chinthu chimodzi palibe wachinena ndipo Thoko akuyenera kuchimva asanatulutse ndalama. Kit lens yakoyo, 18-55 ija, pa 24mm imatseguka mpaka cha ku f/4. Pancake ija ndi f/2.8. Kusiyana kwake ndi stop imodzi yokha, kutanthauza kuti kuwala kukuwirikiza kawiri basi, ISO 3200 itsika kufika 1600. Komanso ngati 18-55 yako ili yolembedwa IS ndekuti ili ndi stabiliser pomwe pancake ilibe. Nde ngati ukuganiza kuti ukagula 24 ija mdima watha ndipo background izisungunuka ngati mmene imachitira 50 f/1.8, ukhumudwa mchemwali. Lenzi yotambalala pa crop siisungunula kumbuyo pokhapokha uyandikire kwambiri.

Thoko M: Eish nde ndiguliranji asisi

Mwai Leeds: Ugulire kuchepa kwake. Zikumveka ngati zazing'ono koma si zazing'ono ayi. Kamera ikakhala ndi pancake imalowa mu handibagi, umainyamula tsiku lililonse mmalo moti izikhala mu wadirobu kudikira birthday. Ndipo anthu samaiopa, lenzi ikatalika aliyense amauma nkhope kapena kuyamba ma pose a pa Instagram, ikakhala yaing'ono amakuiwala msanga. Chachiwiri imafokasa pafupi kwambiri, masentimita 16 kuchokera pa sensa, nde chakudya, manja a munthu akusoka, mphete, keke, zonsezo umajambula popanda kusintha lenzi, ndipo ukayandikira choncho kumbuyo kumasungunuka ndithu. Chachitatu ndi yakuthwa kuposa kit makamaka mmakona. Ine pano ndili pa Fuji ndi 23mm f/2, imaona ngati 35, chifukwa chomwe ndinaisankhira ndi chomwecho, kupepuka, kuphatikizapo kuti ndi yotchinga madzi poti kuno mvula siipempha chilolezo.

Kondwani Zithunzi: Stop imodzi ija musaipeputse a Mwai. Ana akuvina mnyumba magetsi ofooka, stabiliser siimitsa mwana, imangoletsa kunjenjemera kwa manja ako. Kuchoka pa 1/60 kufika 1/125 ndi kusiyana kwa chithunzi chosunga ndi chofufuta.

Mwai Leeds: Zoona. Ngakhale pa ana ovina olo 1/125 imachepa, ine ndimayambira 1/250.

Madala a Studio: Mwaona tsono mayi Thoko, vuto lenileni ndi lakuti mukapeza kuti diso lanu ndi la 28 ngati langa, Canon sanakupangireni prime yotchipa ya 18mm pa DSLR za crop. Palibe. Ilipo EF 20mm f/2.8 yakale ija, ikupatsani 32, koma ndi yaikulu. Ilipo Samyang 16mm f/2 koma kufokasa ndi kwa pamanja, ndipo viewfinder ya 2000D ndi yaing'ono, kuona ngati walasa kapena waphonya ndi ntchito. Ilipo Sigma 18-35 f/1.8, yabwino zedi, koma si prime ndipo imapitirira magalamu 800, khosi lidzakuuzani. Ndiye mukakonda 18, khalani ndi kit yanuyo mosachita manyazi, ndalama musunge.

Chisomo ku Joni: Ndi zomwe ndikunena ine, mirrorless. Ku Sony kuli 16, kuli 20 pancake, Viltrox akutulutsa zotchipa, TTArtisan, 7Artisans, chilichonse chomwe ukufuna

Kondwani Zithunzi: Iwe Chisomo kodi Sony amakupatsa komishoni?

Chisomo ku Joni: kkkk ndikanakonda. Koma kunena chilungamo 16 yangayi ili ndi zake. Ndi yolemerako, magalamu 400 ndi kuposa, pa kabodi kakang'ono imagwetsa mutu kutsogolo. Ndipo 24 ndi yovuta kuiweta, zinthu zimalowa zambiri, pamafunika uziyang'ana makona onse anayi usanadine. Ndimaikonda chifukwa ndimajambulanso mavidiyo ndipo ukagwira kamera pa mkono umakwana wekha.

Bwande: Ine ndinanena za foni munandinyoza. Kamera yaikulu ya foni zambiri imaona ngati 24 mpaka 26, nde mukuvutikira kugula zomwe zili kale mthumba

Mwai Leeds: Apa Bwande wanena zanzeru mwangozi. Ndi chifukwa chake ine ndimakankhira anthu ku 35. Maso a aliyense anazolowera 26 ya foni, ukajambula pa 24 kapena 28 masana pa f/8 kasitomala amaona ngati chithunzi cha foni basi. 35 imasiyanako, imasankha zinthu.

Madala a Studio: Chithunzi chikamaoneka ngati cha foni vuto si nambala, ndi poti wojambula waima pomwe aliyense amaima, patali, kamera pa diso, ataimirira. Katswiri wojambula wa ku America Garry Winogrand misewu ya New York anaijambula kwambiri ndi 28, palibe amene angati zija ndi za foni. Ndipo Ricoh GR ndi Leica Q, makamera omwe lenzi yake siichoka, anawaika 28. Anthu amenewo si opusa.

Mwai Leeds: Ndipo Fuji X100 anaika 35 bambo, nawonso si opusa kkkk. Ricoh yemweyo anadzatulutsa GR IIIx ya 40 chifukwa anthu ena 28 imawakulira.

Madala a Studio: Mwandigwira pamenepo mwana wanga.

Dalitso D3500: Pepani kulowerera, funso langa ndi lofanana koma ine ndili ku Nikon D3500. Pali munthu akugulitsa 24mm f/2.8D motchipa kwambiri, akuti ndi ya chitsulo yolimba. Nditenge?

Kondwani Zithunzi: Ima kaye aise. Malenzi a D aja alibe mota mkati, amadalira mota ya mu bodi kuti iwazungulitse ndi kasikuluwu kaja kali pa mount. D3500 ilibe mota imeneyo, ma D3000 onse ndi ma D5000 onse alibe. Ilowa bwinobwino, ijambula, koma autofocus iwala. Pa kamera yako yang'ana zolembedwa AF-S kapena AF-P.

Dalitso D3500: Nde wogulitsayo sanandiuze bwanji

Kondwani Zithunzi: Mwina iye ali ndi D7100 kapena D750 komwe imagwira bwino, mwinanso akudziwa koma akufuna ichoke. Ku Nikon chulukitsa ndi 1.5. 35mm f/1.8G DX yomwe aliyense ali nayo ija imaona ngati 52, ndi yabwino koma si wide. Kuti upeze wide yeniyeni ndi 20mm f/1.8G ikupatsa 30, kapena 24mm f/1.8G ikupatsa 36, koma zonsezi ndi za full frame nde mtengo wake ukhoza kupitirira wa kamera yakoyo.

Madala a Studio: Komatu a Dalitso musaitaye msanga 24 ya pamanjayo ngati mtengo uli wabwinodi. Kale tinalibe autofocus ndipo mipira tinkajambula. Lenzi yotambalala ili ndi mphatso iyi, kuti ukaitseka pa f/8 pafupifupi chilichonse chimakhala chakuthwa. 24mm pa crop, f/8, ikani focus pa mamita 4, chilichonse kuyambira mamita 2 mpaka kuphiri chituluka bwino. Pa full frame ndi 28 ndimaika pa mamita 3 ndi pang'ono, kuyambira mita ndi theka kupita kutsogolo ndi zanga. Ndipo malenzi akale aja ali ndi manambala a mtunda olembedwa pamwamba, umangotchera ukutuluka pakhomo, ukaona chinthu umangodina osadikira kamera iganize. Dzuwa lathu ndi lambiri, f/8 ndi 1/500 pa ISO 200 masana zimatheka popanda vuto. Mnyumba usiku ndi pomwe mudzalire.

Dalitso D3500: Ine zanga zambiri ndi za mu tchalitchi bambo, kwaya ndi maubatizo

Madala a Studio: Ndiye isiyeni. Mu tchalitchi muzitsegula f/2.8 ndipo kufokasa pamanja anthu akuyenda mudzatuluka thukuta pachabe.

Thoko M: Njira ya mamita 4 ija ingathekenso pa pancake ya Canon?

Kondwani Zithunzi: Imatheka koma mozungulira, ilibe manambala a mtunda ndipo ring yake ndi ya magetsi, imazungulira focus pokhapokha kamera ili yoyaka. Mumafokasa pa chinthu chomwe chili pa mamita 4, kenako mutembenuze kaswichi ku MF, kufokasa kwa pamanja, basi.

Yamie: Ine ndili ndi Canon M50 ndi 22mm f/2, guys kalenzi aka ndi dolo, kamaona ngati 35 ndendende ndipo f/2 mnyumba imathandiza. Thoko ukanakhala ndi M50 nkhani ikanatha pa meseji yachiwiri

Mwai Leeds: 22 ija ndi imodzi mwa malenzi abwino otchipa omwe Canon anapangapo, ndikuvomera. Chisoni chake ma M anawasiya kupanga, ndipo malenzi a EF-M salowa pa RF olo ndi adaputa. Pomwe EF-S 24 ya Thoko tsiku lina akadzagula R50 kapena R10 adzangoika adaputa ya EF kupita RF nkupitiriza. Chomwe siingachite ndi kulowa pa 6D kapena 5D, ma EF-S salowa pa DSLR za full frame.

Thoko M: Ngati ndikuganiza zodzagula 6D mtsogolo ndiye bwanji?

Kondwani Zithunzi: Ilipo EF 24mm f/2.8 IS ndi EF 28mm f/2.8 IS, zimalowa konse konse ndipo zili ndi stabiliser, koma mtengo ndi wokwera ndipo si pancake. Ine ndinganene kuti gulirani kamera yomwe ili mmanja. Mukadzafika pa 6D pancake muigulitsa tsiku lomwelo, ma 2000D ndi ma 600D ali mbwee mdziko muno ogula sasowa. Ndipo 50 yanu ija pa 6D idzasanduka 50 yeniyeni.

Bwande: Nanga zotchipa zija 35 f/2 za pa intaneti, mtengo wake theka?

Kondwani Zithunzi: Pa crop 35 tanena kale kuti ndi 56. Komanso zotchipa kwambiri zija ndi mwayi, wina imamutumikira zaka wina mota imayamba kulira ndi kusakasaka focus mu mdima, mu tchalitchi anthu kutembenuka kuti chikulira ndi chiyani. Pa vidiyo ndiye phokoso lonse limalowa mu mayiki. Mota ya STM yomwe ili mu pancake ija ubwino wake ndi umenewo, ndi yofatsako.

Thoko M: Chabwino. Nanga ndikaipeza ya kaunjika ndiyang'ane chiyani kuti asandipusitse?

Madala a Studio: Pitani ndi kamera yanu, osagula lenzi musanaiike pa bodi yanu. Chotsani zotsekera zonse, muwalitse tochi ya foni kuchokera kumbuyo mukuyang'ana kutsogolo. Fumbi pang'ono musaope, lenzi iliyonse yomwe yadutsa mwezi wa Okutobala kuno ili nalo ndipo pa chithunzi silioneka. Choopa ndi timizere toyera tanthambinthambi tomera mkati, imeneyo ndi nkhungu, imadya coating ya galasi ndipo ikakhazikika siichoka bwino. Muonenso chifunga, galasi looneka mbuu. Kenako jambulani khoma la njerwa kapena nyuzipepala mutaima molunjika pa f/2.8, mukulitse chithunzi muone makona onse anayi, ngati mbali imodzi ili yakuthwa ina yofewa ndekuti inagwapo pansi. Mufokase pafupi, mufokase patali, kangapo, mumve ngati ikukakamira.

Kondwani Zithunzi: Ndipo mukagula musaisunge mu chikwama chotseka nyengo ya mvula yonse, makamaka a kunyanja ndi aku Mulanje ndi Nkhata Bay komwe chinyontho sichitha. Kontena ya pulasitiki yotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel, tomwe timabwera mmabokosi a nsapato tija koma tambiri, ndipo muzitiumitsa nthawi ndi nthawi. Lenzi yomwe imatuluka panja kawirikawiri siichita nkhungu msanga.

Mwai Leeds: Ngati uli ndi wachibale kuno ku UK, masitolo a makamera a MPB ndi Wex amagulitsa zogwiritsidwapo ntchito zoyesedwa kale ndi waranti, MPB amaika zithunzi za lenzi yeniyeniyo yomwe ukugula. Pancake ndi kakang'ono munthu akubwera kumudzi amangokaika mthumba la jekete.

Chisomo ku Joni: Kunonso ku Joni zimapezeka, ndipo mabasi amabwera daily. Ungowerengera za msonkho ndi wonyamula usanasangalale ndi mtengo

Yamie: Koma funso lina, mukuti ndi wide uziyandikira anthu. Mumsika mumatani? Ine ndikangotulutsa kamera amayamba mukapita nazo kuti zithunzizo, mukatigulitsa kwa azungu

Madala a Studio: Ndipo ali ndi ufulu wofunsa. Ichi ndi chomwe ndimaikondera 28, siilola kuba. Ndi 200mm umabisala kuseri kwa galimoto nkujambula munthu osadziwa, ndi 28 uli pa mita imodzi, akukuona, nde uyenera kupereka moni. Ine ndimayamba ndagula kaye, ndacheza, kamera ili pakhosi poonekera. Ndikapempha ena amakana ndipo ndimapita. Amene wavomera ndimamuonetsa pa sikirini, ndikadzabweranso ndimamubweretsera chosindikiza. Chithunzi choyamba amauma, dikirani kasitomala afike, akayamba kuwerenga chenji wakuiwalani, chithunzi chanu ndi chimenecho. Ana a eni musajambule popanda kholo.

Kondwani Zithunzi: Apa ndiye sinditsutsa a madala. Kungoti si aliyense ali ndi mtima woima pa mita imodzi ndi mlendo. Munthu wamanyazi ukampatsa 28 amajambula ali patali, zithunzi zonse anthu ting'onoting'ono pakati, mmwamba thambo mmunsi fumbi. 35 kapena 38 imamukhululukira, amaima pa mamita awiri chithunzi chimadzazabe.

Thoko M: Wamanyazi ameneyo ndine kkkkk. Selotepi ndaika kale pa 24, ndikatopa nayo ndiyesa pa 18 ndione ngati ndili ndi mtima wa a madala. Funso lomaliza, filter ya UV yomwe ili pa 50 yanga ilowa pa pancake?

Kondwani Zithunzi: Onani kutsogolo kwa lenzi pali kachizindikiro ka bwalo lodulidwa ndi nambala. Pancake ndi 52. 50 yanu ngati ili STM ndi 49 siilowa, ngati ili yakale ija yolembedwa II ndi 52 ilowa. Ya kit ndi 58 iwalani.

Thoko M: Yalembedwa 49

Mwai Leeds: Usavutike nayo. Filter yotchipa pa lenzi yotambalala imabweretsa timadontho tobiriwira ukajambula moyang'ana magetsi kapena makandulo a pa keke, ndipo galasi la kutsogolo la pancake ndi kakang'ono kolowa mkati, chotsekera chake chikukwanira.

Madala a Studio: Kupatula pa msewu wafumbi ndi kunyanja kuli mphepo ya mwera, mchenga umakala galasi. Kumeneko ikani, mugule ya 52 yabwino imodzi.

Dalitso D3500: Bambo nanga ine wa kwaya nditani tsopano, 20 f/1.8 ndalama yake ndilibe

Madala a Studio: Tengani 35 f/1.8G DX ija ya oimba mmodzi mmodzi ndi mwana akubatizidwa, kwaya yonse muziijambula ndi kit pa 18, f/5.6 kuti mzere wakumbuyo usafewe, ISO muikweze mpaka 3200 osaopa, ndipo mupemphe abusa akuloleni kuima mbali ya mazenera kuti kuwala kuzichokera kumbuyo kwanu.